Mmene dalaivala wa thiraki ku America angatsutsire ngozi yolembedwa molakwika pa mbiri yake ya ntchito

Madalaivala ambiri a mathiraki ku United States amayamba kudziwa kuti mbiri yawo ya ntchito ili ndi banga pa tsiku limene akufunsira ntchito ku kampani yatsopano. Wolemba antchito amene dzulo lake ankalankhula mwansangala pa foni, mpaka kufunsa tsiku limene mungayambe, amangoti zii, ndipo mukamuumiriza amakuyankhani mwachidule kuti a nthambi yoona za chitetezo pamsewu sanakuvomerezeni. Kawirikawiri chimene chatseka khomolo ndi mzere umodzi wokha wonena kuti munachita ngozi imene mukanatha kuipewa. Ngoziyo mwina ndi ya usiku uja mutaimika thiraki pamalo ogonera, muli m'tulo, pamene dalaivala wina pobwerera m'mbuyo anakuthyolerani galasi loonera kumbuyo ndi kukala chitseko. Inu munaimbira ku ofesi, munatumiza zithunzi, ndipo munaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, osadziwa kuti munthu wina amene sanafike n'komwe pamalopo anaika pa dzina lanu mawu akuti preventable, kutanthauza kuti ngoziyo inali yopeweka.

Mzere woterewu ungatsutsidwe, ndipo malamulo a dzikolo amapereka njira zomveka bwino zochitira zimenezi, koma amene amapambana ndi amene wayamba wadziwa kuti cholakwikacho chalembedwa m'kaundula uti. Mbiri ya dalaivala simakhala pamalo amodzi, ndipo kaundula aliyense ali ndi mwini wake komanso khomo lake lodandaulira. Anthu ambiri amataya miyezi akukalipira kampani yawo yakale pa foni chifukwa cha cholakwika chimene chili m'makompyuta a boma, kapena akulembera boma pa nkhani imene boma silinalembe n'komwe.

Yambani mwaitanitsa malipoti anu onse

Lipoti limene madalaivala amaliopa kwambiri ndi la DAC, limene limasungidwa ndi kampani ya HireRight. Si lipoti la boma. Makampani onyamula katundu amene ali mamembala ndi amene amatumizako zokhudza dalaivala akachoka ntchito: nthawi imene anagwira, mtundu wa galimoto imene ankayendetsa, chifukwa chimene anachokera, ngati angamulembenso ntchito, ndiponso ngozi zimene anachita ndi chigamulo cha kampaniyo pa ngozizo. Popeza HireRight imagulitsa mbiri za anthu, imayenera kutsatira lamulo la Fair Credit Reporting Act la 1970, ndipo lamuloli limakupatsani ufulu wolandira lipoti lanu kwaulere kamodzi pa miyezi 12 iliyonse, komanso kwaulere ngati mwapempha pasanathe masiku 60 kuchokera pamene kampani ina yakukanani ntchito chifukwa cha zimene zili m'lipotimo. Pali makampani enanso ochita malonda omwewa, choncho mukakanidwa ntchito funsani dzina la kampani imene inapereka lipoti lanu, pakuti wokukanani ntchitoyo lamulo limamukakamiza kukuuzani.

Lachiwiri ndi lipoti la PSP, limene limachokera ku FMCSA, nthambi ya boma yoyang'anira chitetezo cha magalimoto akuluakulu amalonda. Limasonyeza ngozi za zaka 5 zapitazi ndi zimene anakupezani nazo oyendera magalimoto pamsewu m'zaka 3 zapitazi, ndipo mungaligule pa intaneti ndi madola 10. Chimene anthu ambiri sachimvetsa n'chakuti ngozi ikaoneka pa PSP sizitanthauza kuti boma lakupezani wolakwa. Lipotili limangonena kuti galimoto imene munkayendetsa inakhudzidwa. Komabe wolemba antchito amene ali ndi mafomu ochuluka patebulo sakhala ndi nthawi yosiyanitsa wogunda ndi wogundidwa ngati palibe cholembedwa chomuthandiza.

Palinso kaundula wa laisensi yanu, wotchedwa MVR, amene amasungidwa ndi chigawo (state) chimene chinakupatsani CDL, laisensi yoyendetsera magalimoto akuluakulu amalonda, ndipo m'menemo ndi mmene mumalowa milandu ya pamsewu imene munapezeka nayo wolakwa. Chomaliza ndi zimene kampani yanu yakale imayankha mwachindunji ikafunsidwa ndi kampani yatsopano, popeza malamulo a FMCSA amalamula wolemba ntchito aliyense kufufuza mbiri ya chitetezo ya dalaivala ya zaka 3 zapitazo. Zimenezi sizidutsa ku HireRight nthawi zonse, moti lipoti lanu la DAC likhoza kukhala loyera pamene fomu yotumizidwa mwachindunji ndi imene ikukuphani. Muli ndi ufulu woona fomuyo: lemberani kampani imene mwafunsirako ntchito, nthawi ina iliyonse kuyambira pofunsira mpaka masiku 30 mutalembedwa kapena mutauzidwa kuti mwakanidwa, ndipo iyo iyenera kukupatsani pasanathe masiku 5 ogwira ntchito.

Malipoti onsewa mukawasonkhanitsa, ayaleni patebulo ndi kuwayerekeza mzere ndi mzere. Onani tsiku la ngozi, dera, nambala ya galimoto, ngati alemba kuti panali wovulala, ndiponso ngati alemba kuti galimoto inakokedwa. Zimachitika kuti ngozi imodzi yalembedwa kawiri ndi masiku osiyana, kapena kuti ngozi ya dalaivala mnzanu amene munkasinthana naye chiwongolero yaikidwa pa dzina lanu chifukwa chakuti thirakiyo inali yolembedwa kwa inu.

Dziwani chenicheni chimene mukutsutsa

Apa ndi pamene nkhani zambiri zimafera, chifukwa dalaivala wopsa mtima amalemba kuti ngoziyo ifufutidwe basi, pamene ngozi imene inachitikadi nthawi zambiri safufuta. Chimene chingasinthidwe ndi mmene yafotokozedwera, ndipo pali mafunso awiri osiyana amene muyenera kuwalekanitsa.

Funso loyamba ndi lakuti kodi chochitikacho ndi ngozi malinga ndi tanthauzo la boma. M'malamulo a FMCSA, pa gawo 390.5, chochitika cha pamsewu chimawerengedwa ngati ngozi pokhapokha ngati munthu wafa, kapena wina wavulala n'kukalandira chithandizo cha kuchipatala nthawi yomweyo kutali ndi pamalo a ngozi, kapena galimoto ina mwa zokhudzidwazo yawonongeka moti siingayende ndipo yachita kukokedwa. Lamulolo limapitirira kunena kuti kuphulika kwa tayala kokha, kusweka kwa nyali, kapena kuwonongeka kwa hutala ndi mawaipa sikuwerengedwa ngati kuwonongeka kolepheretsa galimoto kuyenda. Choncho galasi lothyoka pamalo ogonera lija, pamene aliyense anadzuka n'kupitiriza ulendo wake, si ngozi yofika pa muyeso wa bomawu, imene a ku America amaitcha DOT recordable, ndipo ngati kampani inailemba choncho ndiye kuti inalemba zabodza zimene mungathe kuzitsimikizira mosavuta. Koma ndikuchenjezeni kuti malamulo omwewo amalola kampani yakale kunenanso tizochitika ting'onoting'ono timene imasunga m'mabuku ake, kotero simungaiumirize kuti ikhale chete. Chimene mungaiumirize ndi kuti isakulitse kanthu kakang'ono.

Funso lachiwiri ndi la mawu aja akuti preventable, ndipo ili ndiye lovuta. Kunena kuti ngozi inali yopeweka n'kosiyana ndi kunena kuti inu ndi amene munalakwa pamaso pa lamulo. Muyeso umene amagwiritsa ntchito ndi wakuti kodi dalaivala woganiza bwino ndi woona patali akanatha kuona kuti ngoziyo ikubwera, n'kuchitapo kanthu kuti aipewe popanda kuyambitsa ngozi ina. Ndiye chifukwa chake mungapeze kuti wapolisi anapereka tikiti kwa dalaivala wa galimoto yaing'ono amene anakudulani kutsogolo, koma kampani yanu n'kulemba kuti inuyo mukanasiya mpata wokwanira. Kungonena kuti apolisi sanakuimbeni mlandu n'kothandiza koma sikokwanira. Muyenera kusonyeza kuti panalibe chimene mukanachita: kuti munali mutaima pamalo ololedwa, kuti liwiro lanu linali loyenera, kuti nthawi ya pakati pa kudulidwa ndi kugundana inali yochepa kwambiri moti thiraki yolemera mapaundi 80,000 sikanatha kuima.

Umboni, ndi chifukwa chake suyenera kuchedwa

Pepala lofunika koposa onse ndi lipoti la apolisi la ngoziyo, limene mungalipemphe ku polisi imene inafika pamalopo kapena ku ofesi ya chigawo yosunga malipoti a ngozi, nthawi zambiri polipira kandalama kochepa. Liwerengeni mosamala, makamaka chithunzi chojambulidwa ndi wapolisi ndi bokosi losonyeza ngati galimoto inakokedwa chifukwa cha kuwonongeka, pakuti zimachitika kuti galimoto yakokedwa chifukwa chakuti woyendetsa wake wamangidwa kapena alibe laisensi, osati chifukwa chakuti siingayende, ndipo kusiyana kumeneku kungachotse ngozi yonse pa PSP.

Pambuyo pake sonkhanitsani zithunzi zimene munajambula, mayina a mboni, mauthenga amene munatumizirana ndi a ku ofesi tsiku limenelo, ndi kalata ya inshuwalansi ngati kampani ya winayo inavomera kulipira, popeza palibe umboni wolimba kuposa kuvomera kwa mbali inayo. Zolembedwa za ELD, makina a m'thiraki olemba maola amene dalaivala wayendetsa, zimene zimasonyeza ngati galimoto inali kuyenda kapena inali itaima pa ola limenelo, kampani imalamulidwa kuzisunga miyezi 6 yokha, ndipo vidiyo ya kamera ya kampani imatha kufufutika msanga kuposa pamenepo. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo pa nkhani ino n'zoona ndithu: vidiyo imene ili m'makompyuta a bwana si yanu, ndipo tsiku limene mwakangana n'kubweza makiyi simudzaionanso. Ipempheni mwa imelo mukadali pa ntchito, tsiku lotsatira ngoziyo ngati n'kotheka, ndipo nthawi yomweyo funsani kuti akuuzeni polemba mmene aigamulira. Makampani ambiri akuluakulu ali ndi komiti yomva madandaulo a madalaivala pa zigamulo zoterezi, koma nthawi yopereka dandaulo imakhala yochepa, ndipo ambiri amaiphonya chifukwa sanauzidwe kuti chigamulo chaperekedwa.

Ngati wapolisi anakupatsani tikiti pa ngoziyo, musathamangire kulipira kuti nkhani ithe. Kwa munthu wa CDL, kulipira chindapusa kumawerengedwa ngati kupezeka wolakwa, ndipo malamulo amaletsa zigawo kubisa mlandu wa pamsewu wa dalaivala wotere monga mmene zimachitira ndi oyendetsa magalimoto ang'onoang'ono amene amangotumizidwa kukaphunzira. Tikiti imene mukuona kuti ndi yolakwika kaitsutseni ku khoti, makamaka ndi loya wodziwa milandu ya madalaivala m'dera limenelo, ndipo mukapambana tengani kope losindikizidwa chidindo la chigamulo cha khoti, chifukwa pepala limenelo lidzakutsegulirani makomo ena onse.

Kulembera kampani yakale ndi HireRight

Zinthu ziwirizi chitani nthawi imodzi, ndipo zonse zikhale zolembedwa. Foni siisiya umboni, ndipo amene wakulonjezani lero kuti akonza akhoza kusiya ntchito mawa. Kalata yopita ku kampani yakale ikhale yaifupi ndi yopanda chipongwe, inene tsiku la ngozi, zimene iwo analemba, zimene zinachitikadi, mapepala amene mwaphatikiza, ndi mawu enieni amene mukufuna kuti alembe m'malo mwa akalewo. Nkhani za malipiro amene anakudulani kapena mwano wa woyang'anira maulendo anu zisalowemo, ngakhale zili zoona, chifukwa zimangopatsa wowerenga mpata woganiza kuti mukungobwezera. Itumizeni pa positi yofuna kusainira polandira ndipo sungani risiti.

Malinga ndi gawo 391.23 la malamulo a FMCSA, kampani yakale ikalandira pempho lanu loti ikonze, ili ndi masiku 15 oti ikonze n'kutumiza zokonzedwazo ku kampani yatsopano, kapena ikuuzeni kuti yakana. Ikakana, muli ndi ufulu wolemba mbali yanu ya nkhaniyo, ndipo iyo iyenera, pasanathe masiku 5 ogwira ntchito, kutumiza mawu anuwo ku kampani yatsopano ndi kuwaphatikiza pa mbiri yanu kuti aliyense wofunsa m'tsogolo aziwaona. Mungathenso kulemba mbali yanuyo poyamba penipeni osadikira kukanidwa. Kampani ikanyalanyaza zonsezi mungaisumire ku FMCSA.

Ku HireRight mumapereka dandaulo lotsutsa, ndipo lamulo limaipatsa masiku 30 oti ifufuzenso, amene angawonjezeke ndi masiku 15 ngati mwatumiza umboni wina kafukufuku ali mkati. Pa chifukwa chimenechi ndi bwino kutumiza zonse kamodzi. HireRight imafunsa kampani imene inapereka nkhaniyo, ndipo chimene chapezeka kuti ndi chabodza, chosakwanira, kapena chimene sichingatsimikizidwe chiyenera kukonzedwa kapena kuchotsedwa. Mfundo yomalizayi ndi yamphamvu kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa kampani imene inatsekedwa kapena imene sinayankhe yalephera kutsimikizira zimene inalemba. Vuto n'lakuti kampani imene ikadalipo kawirikawiri imangoyankha kuti zimene inalemba n'zoona, ndipo mzere uja umakhalabe. Zikatero pemphani kuti akuuzeni mmene anafufuzira ndi amene anamufunsa, kenaka ikani pa lipotilo mawu anu ofotokoza mbali yanu, amene angakuchepetsereni kuti asapitirire mawu 100. Mawu 100 ndi ochepa, choncho lembani zimene wolemba antchito angathe kuzitsimikizira yekha: kuti galimoto inali itaima, kuti winayo ndiye anapatsidwa tikiti, ndi nambala ya lipoti la apolisi.

Musaganize kuti makampani osunga mbiriwa ali pamwamba pa lamulo. Mu 2012 HireRight inavomera kulipira madola 2.6 miliyoni pa mlandu umene bungwe la boma la Federal Trade Commission linaiimba wokhudza kuphwanya lamulo lomweli, kuphatikizapo kusafufuza bwino madandaulo a anthu. Ngati dandaulo lanu lanyalanyazidwa mungapite ku bungwe la boma loteteza ogula la Consumer Financial Protection Bureau kapena kwa loya wa milandu yoteteza ogula, ndipo popeza lamuloli limalola kuti wopambana alipiridwe ndalama za loya, maloya ena amatenga milandu yotere osafuna malipiro poyamba. Nthawi yosumira ndi zaka 2 kuchokera pamene mwazindikira kuphwanyidwa kwa lamuloko, ndipo siingapitirire zaka 5 kuchokera pamene kunachitika. Dziwaninso kuti kampani yakale ndi yotetezedwa ku milandu yoipitsa mbiri ikamayankha mafunso a kampani yatsopano, kupatula ngati ikupereka zabodza mwadala kapena siikutsatira njira zimene malamulowo anakhazikitsa. Ngati mukukhulupirira kuti anakudetserani mbiri chifukwa munakana kuyendetsa galimoto yoonongeka kapena kupitirira maola ololedwa, imeneyo ndi nkhani ina yopita ku OSHA, nthambi ya boma yoona za chitetezo cha anthu pa ntchito, ndipo iyenera kufika kumeneko pasanathe masiku 180.

Zolakwika za m'kaundula wa boma

Chilichonse chimene chili pa PSP chimatsutsidwa kudzera pa DataQs, njira ya pa intaneti ya FMCSA imene dalaivala angalembetse yekha kwaulere osadikira kampani. Pempho lanu limatumizidwa ku chigawo chimene chinalemba ngoziyo, ndipo ndi icho chimene chimagamula. Kumeneku ndi koyenera ngati ngozi yaikidwa pa dalaivala wolakwika, yalembedwa kawiri, kapena siikufika pa muyeso uja wa imfa, kuvulala kapena kukokedwa. Ndi komwenso mumatumiza chigamulo cha khoti, chifukwa kuyambira mu 2014 cholakwa cholembedwa ndi oyendera magalimoto chimachotsedwa ngati khoti lathetsa tikiti yake kapena lakupezani wosalakwa.

Pa DataQs pomwepo pali dongosolo lina, la Crash Preventability Determination Program, limene linakhazikitsidwa mu 2020 litayesedwa kuyambira mu 2017, ndipo ndi limene lingathandize kwambiri munthu amene kampani yamusenzetsa mawu akuti preventable. Mumatumiza lipoti la apolisi, limene ndi lofunika ndithu ndipo popanda ilo pempho silionedwa, pamodzi ndi umboni wina uliwonse, ndipo FMCSA imaunika ngati ngoziyo inali yopeweka. Si ngozi zonse zimene imalandira. Zina mwa zimene imalandira ndi kugundidwa kumbuyo, kugundidwa mutaima kapena mutaimika pamalo ololedwa, kugundidwa ndi munthu woyenda mbali yolakwika ya msewu, woledzera, kapena wosaima pa maloboti, ndiponso kugunda nyama. Kuyambira pa 1 Disembala 2024 mitunduyi inawonjezeredwa kufika pa 21, ndipo pa ngozi zochitika kuyambira tsikulo amalandiranso ngozi ya mtundu wina uliwonse ngati pali vidiyo yosonyeza mmene zinayendera, chimene ndi chifukwa chokwanira choti dalaivala akhale ndi kamera yakeyake ngati kampani ikulola. Yankho limatenga miyezi ingapo, ndipo ngoziyo siichoka pa PSP, koma pambali pake pamalembedwa kuti inaunikidwa ndipo inapezeka yosapeweka.

Chigamulo chimenechi sichikakamiza kampani yakale kusintha zimene inalemba pa DAC, komanso sichigwira ntchito ngati chigamulo cha khoti pa nkhani ya amene ayenera kulipira. Ngakhale zili choncho, mukachitenga n'kubwerera nacho ku HireRight ndi dandaulo latsopano, kampani yakale imavutika kufotokoza chifukwa chake ikuumirira pa mawu amene boma lenilenilo silinagwirizane nawo.

Pofunsira ntchito nkhani ili mkati

Njira zonsezi zimatenga nthawi, ndipo lendi siidikira. Fomu yofunsira ntchito ya dalaivala imafuna kuti mutchule ngozi zonse za zaka 3 zapitazi ndi makampani amene munagwirako ntchito yoyendetsa kwa zaka 10, ndipo kubisa ngozi imene mukuitsutsa ndi kudzikumbira dzenje, chifukwa bodza la pa fomu limachotsetsa ntchito ngakhale munthu amene pa ngoziyo analibe mlandu. Itchuleni nokha asanaipeze, mufotokoze m'ziganizo ziwiri kapena zitatu, ndipo mupereke lipoti la apolisi, nambala ya pempho lanu la DataQs ndi kope la kalata imene munalembera HireRight. Ngati wolemba antchito alibe mphamvu yogamula, pemphani mwaulemu kuti mapepalawo afike kwa mkulu wa nthambi ya chitetezo, pakuti iye ndi a inshuwalansi ndi amene amagamula zenizeni. Makampani ang'onoang'ono ambiri satumiza kapena kugula malipoti a DAC, ndipo mwini wake amatha kukhala nanu pansi n'kuwerenga yekha lipoti la apolisi.

Mukalandira kalata yoti zakonzedwa, musaikhulupirire mpaka mutaona ndi maso. Dikirani milungu ingapo, itanitsaninso lipoti la DAC ndi la PSP, ndipo muone ngati mzere uja wasinthadi monga analonjezera. Lamulo limakulolani kupempha HireRight kuti itumize uthenga wa kukonzedwaku ku makampani amene analandira lipoti lanu pa nkhani ya ntchito m'zaka 2 zapitazi, koma iyo siichita zimenezi yokha; muyenera kutchula mayina a makampaniwo m'kalata yanu.